Kumbani phesi limodzi kaye: mmene mungadziwire chomwe chikuvuta chimanga chanu musanagule feteleza kapena mankhwala

Chimanga chikangoyamba chikasu kuno ku Mangochi ambirife timaganiza chinthu chimodzi basi, chamva njala, ndiye liwiro wa ku shopu pa Boma kapena pa Namwera kukagula urea wa pa kilo. Tathira, tadikira sabata, chimanga chili pompaja. Ndalama yapita, ndipo mmene feteleza wadulira masiku ano, olo munapeza nawo wotsika mtengo wa boma, matumba awiri aja si oseweretsa.

Nkhani ndi yoti chikasu chimabwera ndi zinthu zambiri. Mizu ikawola ndi madzi chimanga chimachita chikasu. Kaufiti akachigwira pansi chimachita chikasu. Kapuchi akalowa mphesi, chimodzimodzi. Kumwambaku zonse zimaoneka ngati zofanana koma mukakumba phesi limodzi, nkulitsuka, nkuling'amba pakati, muona nokha kuti vuto lili pati. Ntchito yake siyidutsa ola limodzi ndipo mutaya mapesi awiri okha. Ine ndimaona kuti mlimi aliyense azichita izi kawiri kapena katatu pa sizoni, olo chimanga chikuoneka bwino.

## Zoti mutenge popita kumunda

- Khasu kapena fosholo
- Ndowa ya madzi, osadzadza kwambiri
- Mpeni wakuthwa bwino kapena lezala yatsopano. Mpeni wobuntha umaphwanya zomwe mukufuna kuonazo
- Thumba loyera lopanda kanthu loti muyalepo mbewuyo
- Kachitsulo kowongoka kotalika ngati mkono, kobayira pansi
- Lula kapena tepi
- Kope ndi bolopeni, komanso foni yojambulira ngati muli nayo, kuti mukawaonetse alangizi

## Sitepe 1: Yendani munda wonse musanakhudze kalikonse

Pitani mmamawa dzuwa lisanakwere. Musayime pamsewu nkumaweruza munda wonse, mizere ya mmphepete imanama. Lowani mkati, yendani mokhotakhota kuchoka ngodya ina kukafika ina, ndipo muzidzifunsa kuti vutoli lagwa motani.

Ngati munda wonse ukuoneka chimodzimodzi, ganizani za feteleza, mbewu kapena mvula. Ngati chikasu chili pamalo otsika pomwe madzi amadikha, ganizani za mizu. Ngati ndi phesi limodzi apa lina uko pakati pa anzawo abwinobwino, kawirikawiri ndi tizilombo kapena matenda. Yang'ananinso pa chulu komanso pansi pa msangu. Mitengo ya msangu ilipo yambiri kuno kunyanja, imayoyola masamba nthawi ya mvula ndiye siyitchinga dzuwa ndipo pansi pake pamakhala chonde. Chimanga cha pansi pa msangu chikakhala chobiriwira bii pomwe china chonse chili mbuu, pamenepo mwayamba kale kupeza yankho, nthaka yanu ili ndi njala ya nayitrojeni.

Sankhani mapesi awiri, lina lodwala lina labwino, onse odzalidwa tsiku limodzi.

Chenjezo: musasankhe phesi loti lafa kale. Lakufa limakhala litalowedwa ndi chiswe, nkhungu ndi zina zonse zomwe zabwera pambuyo, silikuuzani chomwe chinayambitsa. Tengani lomwe langoyamba kumene kudwala.

## Sitepe 2: Kumbani, osazula

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Mukakoka phesi ndi manja timizu tonse ting'onoting'ono timatsala pansi, ndipo ndi timeneto tomwe mukufuna kuona. Kumbani mozungulira, masentimita 15 mpaka 20 kuchokera paphesi, mutsike kupyola pomwe khasu limalekezera polima, nkunyamula chibuma chonse. Chiviikeni mu ndowa muja muzigwedeza pang'onopang'ono mpaka dothi lichoke lokha. Osapukuta ndi zala mwamphamvu.

Dzenje likadali lotsegula, lowetsani dzanja mumve chinyontho, nunkhizaninso dothilo. Kenako tengani kachitsulo kaja mubaye pansi pa mzere. Kakalowa pang'ono nkuyima ngati kagunda simenti, ndiye kuti pansipo pali dothi logogomezeka lomwe lapangika chifukwa cholima kuya kumodzimodzi chaka ndi chaka. Kumbukirani kuya kwakeko, mukufuna pa sitepe yotsatira.

## Sitepe 3: Werengani mizu

Yalani mapesi awiri aja pathumba moyandikana. Pano musafulumire, mavuto ambiri a chimanga amapezeka pompano.

Chimanga chili ndi mizu ya mitundu itatu. Yoyamba imatuluka pambewu penipeni, ndi yowonda, ntchito yake ndi kusunga kambewu masabata oyambirira. Yachiwiri imatuluka pa mfundo za phesi zomwe zili pansi pa dothi, pafupifupi masentimita 2 kuchokera pamwamba, imatuluka mozungulira mfundo iliyonse ndipo imeneyi ndi yomwe imadyetsa chimanga moyo wake wonse. Yachitatu ndi ikuluikulu ija imatuluka pamwamba pa dothi chimanga chikakula nkumalowa pansi, yochirikiza phesi kuti lisagwe ndi mphepo. Kubandira kumathandiza imeneyi kuti ipeze dothi msanga.

Ngati chimanga chikadali chaching'ono, funani khoko la mbewu yomwe munadzala, limakhala likadali pomwepo. Yezani kuchokera pambewupo kufika pomwe phesi layamba kubiriwira, kumeneko ndiye kuya komwe munadzala. Kuzikhala pafupifupi masentimita 5. Mukadzala pamwamba kwambiri mizu yachiwiri ija imatulukira mu dothi lotentha louma, ndipo mchenga wa kunyanja kuno masana mumaudziwa mmene umawotchera, nsonga za mizu zimapsa zisanalowe pansi. Chimanga chotere chimagwedera ngati chazulidwa kale.

Tsopano yang'anani mtundu ndi kaonekedwe.

Mizu yabwino ndi yoyera, yolimba, ili ndi nthambi zambiri zowonda ndi tiubweya tomwe dothi limakakamira. Madzi ndi chakudya zimalowera mu tiubweya timeneti, osati mu mizu ikuluikulu.

Mizu yabulauni kapena yakuda, yofewa, yoti mukakoka khungu lake limavuka nkutsala kaulusi, ndipo ikununkha chivundi, imeneyo yabanika ndi madzi. Mizu imapuma, imafuna mpweya womwe uli mmipata ya dothi, madzi akadikha mipata yonse imatsekeka. Chimanga chaching'ono chikamira masiku 2 mpaka 4 chimatha kufa, ndipo kukatentha chimafa msanga. A mmbali mwa Shire ndi Malombe omwe munaona madzi atakwera mu 2024 mukudziwa zomwe ndikunena, komanso onse olima mmakande. Kuthira urea pa mizu yowola kuli ngati kumutengera nsima munthu woti kukhosi kwatsekeka, chakudya chilipo koma polowera palibe. Tsegulani kaye ngalande madzi achoke, dikirani muone timizu tatsopano toyera tikutuluka pa mfundo, kenako muthire.

Nsonga za mizu zikakhala zakuda zouma ngati zapsa ndi moto, makamaka mbali yomwe munathira feteleza, ndiye kuti munathira pafupi kwambiri. Feteleza ndi mchere, akakhudza muzu amakoka madzi kuchoka mu muzuwo. Boolani dzenje pafupifupi masentimita 10 kuchokera paphesi, kapena pakatikati pa mapando awiri ngati munadzala motalikana masentimita 25, thirani nkukwirira.

Mizu yoti yatsika pang'ono kenako yonse yakhota nkumayenda chammbali, yagunda dothi logogomezeka lija. Chimanga chotere chimafota msanga kukangochita ng'amba ya masiku ochepa chifukwa madzi a pansi sichikuwafikira. Chaka chino palibe chomwe mungachite kupatula kuphimbira ndi zinyalala, koma mukakolola muswe dothilo ndi piki, ndipo mudzalemo nandolo, muzu wake umaboola pansi kwambiri.

Mizu yodukaduka ngati yadulidwa ndi sizasi, fufuzani mu dothi lomwe munakumba lija, mupeza mphutsi zoyera zonenepa zopindika kapena chiswe.

Ndiye pali kaufiti. Uyu ndi amene amandipweteka mtima kwambiri chifukwa anthu amamuona mochedwa. Yang'anitsitsani mizu yowonda, mukaona timphukira toyera tonenepa pang'ono tomatirira pa muzu wa chimanga, ndi iyeyo asanatuluke. Amaboola muzu nkumayamwa madzi ndi chakudya, ndipo pomwe maluwa ake ofiira aja akuoneka pamwamba amakhala atawononga kale kwambiri. Chimanga chake chimapinimbira, chimafota olo dothi lili lonyowa. Tsinde limodzi la kaufiti limabala njere masauzande ambiri, zing'onozing'ono ngati fumbi, ndipo zimatha kukhala mu nthaka zaka zoposa 10 zikudikira. Muzuleni asanachite maluwa, mukamutaye kunja kwa munda nkumuwotcha, onjezerani manyowa, ndipo chaka chamawa pamalopo pabwere soya, mtedza kapena nandolo.

Poti tili pa mizu, ngati mwasakaniza mtedza kapena soya kumbaninso tsinde limodzi. Pa mizu yake pamakhala timaphundu. Dulani kamodzi ndi lezala. Mkati mukakhala mofiirira ndiye kuti kakugwira ntchito yotenga nayitrojeni mu mpweya. Mukakhala moyera kapena mobiriwira, palibe chomwe kakupanga.

## Sitepe 4: Werengani masamba kuti mudziwe msinkhu weniweni

Kutalika kwa chimanga kumapusitsa, chanjala chimakhala chachifupi koma chili chachikulu msinkhu. Werengani masamba. Pomwe tsamba lapatukana ndi phesi pamakhala kamzere koyererako ngati kolala, werengani masamba okhawo omwe kolala yake yaoneka, omwe akadali opiringizika pamwamba asiyeni. Tsamba loyamba ndi lalifupi la nsonga yobulungira, yambirani pamenepo. Kuno kotentha tsamba latsopano limatha kutseguka pa masiku atatu aliwonse.

Nambala yoti muyisunge ndi 6. Chimanga chikafika masamba 6, apo ndi pa masabata atatu kapena anayi chimerereni, chimayamba kukula mothamanga ndipo mkati mwake chayamba kale kukonza chitsononkho. Kuchuluka kwa mizere ya njere kumakhazikika nthawi imeneyi, chitsononkhocho chisanaoneke nkomwe. Ndi chifukwa chake feteleza wobereketsa amayenera kulowa pa masiku 21 kapena kupitirira pang'ono. Mukadikira kuti chimasule kaye, mizere yomwe inatayika siyibwereranso. Mbewu zocha msanga ngati Kanyani sizidikira munthu, zimamasula msanga kuposa Njovu, ndiye mukachedwa sabata imodzi mwachedwa kwambiri.

## Sitepe 5: Ng'ambani phesi pakati

Ikani phesi pathumba, lowetsani mpeni pakatikati kuchokera kumizu kukwera mpaka kunsonga, likhale zibanthu ziwiri. Dulani molozetsa kutali ndi thupi lanu.

Funani kamtima. Ndi kanthu kakang'ono kosongoka, koyera mopita ku chikasu, kali pamwamba pa mfundo zothithikana, ndipo masamba onse atsopano ndi ngayaye zimachokera pamenepo. Chimanga chisanafike masamba 6 kamtimaka kamakhala pansi pa dothi. Izi ndi zofunika kwambiri kwa inu omwe mbuzi zakudyerani munda kapena matalala agwa. Chimanga cha masamba atatu kapena anayi olo chidyedwe mpaka pansi chimaphukanso, bola kamtima kali koyera kolimba. Musathamangire kukadzalanso, ng'ambani mapesi angapo muone, dikirani masiku 3 mpaka 5, muona tsamba latsopano likutuluka. Kamtima kakakhala kabulauni, kofewa, konunkha, pamenepo ndiye pakufunika kupakiza.

Pa chimanga chachikulu, mkati mwa phesi muzikhala moyera mothina. Mukadula chopingasa muona timadontho tambirimbiri tomwazikana, timeneto ndi timitsempha, tina timakweza madzi kuchoka kumizu, tina timatenga shuga wopangidwa mmasamba kupita naye kumizu ndi ku chitsononkho. Mukapeza ngalande yabulauni yodzadza zitosi, kapuchi wadula timitsempha timeneti, ndipo nthawi zambiri mumupeza ali momwemo. Akalowa kale mphesi mankhwala opopera samufikira, musataye ndalama. Chomwe mungachite ndi kusamala mapesi mukakolola chifukwa amabisala mmenemo kudikira chaka chamawa. Mukapeza dothi mkati mwa phesi, chimenecho ndi chiswe.

## Sitepe 6: Masamba, a pansi kapena a pamwamba?

Mizu ili bwino, phesi lili bwino, tsopano ndiye tikambe za njala. Funso loyamba si loti tsamba lili ndi mtundu wanji, koma ndi tsamba liti. Zakudya zina chimanga chimatha kuzisamutsa kuchoka mmasamba akale kupita nazo ku atsopano, ndiye njala yake imayambira pansi. Zina sichingathe kusamutsa bwino, njala yake imaonekera pamwamba.

Masamba a pansi:

Chikasu choyambira kunsonga ya tsamba nkumatsika motsata msana wapakati, chooneka ngati chilembo cha V, mmbali mukadali mobiriwira, imeneyo ndi nayitrojeni. Apa ndiye urea agwira ntchito, ali ndi nayitrojeni 46 pa 100 iliyonse. Thirani dothi lili lonyowa ndipo mukwirire, mukamusiya pamtunda padzuwa gawo lina limathawa ngati mpweya. Mu mchenga mvula yamphamvu imamukokolola kupita naye pansi, ndiye ngati munda wanu ndi wamchenga ndi bwino kumugawa kawiri kusiyana ndi kuthira yense tsiku limodzi.

Mmphepete mwa tsamba mukapsa ngati mwawauka koma pakati pali pobiriwira, ndi potaziyamu. Onani kusiyana kwake, nayitrojeni amadya pakati, potaziyamu amadya mmbali. Anthu amasokoneza ziwirizi kwambiri.

Chimanga chaching'ono chofiirira mopita ku pepo mmphepete mwa masamba, chowonda, nthawi zambiri ndi fosifolasi, ndipo zimachitika mukachedwa kuthira feteleza wokulitsa kapena mizu ikapanikizika. Koma mbewu zina zimakhala ndi mtundu umenewu mwachibadwa, ndiye yerekezani ndi phesi labwino lija musanagamule.

Masamba a pamwamba:

Masamba atsopano onse otuwa mopita ku chikasu pomwe a pansi ali obiriwirako, ganizani za salufa. Mikwingwirima yotakata yoyererako mbali zonse ziwiri za msana wa tsamba, kuyambira chakumunsi kwa tsambalo, phesi lili lalifupi mfundo zoyandikana, ganizani za zinki. Mukawerenga pa thumba la feteleza wokulitsa mupeza palembedwa 23:10:5+6S+1Zn, S ndi Zn akuyimira ziwiri zimenezi. Munthu wothira urea yekha chaka ndi chaka, osathira wokulitsa kapena manyowa, amakumana nazo izi.

Koma samalani, pali matenda ena ofanana ndi njala. Timizere tachikasu towonda todukaduka totsata mitsempha ya tsamba lonse, pa phesi limodzi apa lina uko, amenewo ndi matenda a vairasi omwe amafalitsidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono todumpha. Amakonda chimanga chodzala mochedwa komanso cha kudimba. Alibe mankhwala, feteleza sawachiza. Mapesi omwe agwidwa akadali aang'ono azuleni.

## Sitepe 7: Suzumirani kunsonga

Tsegulani masamba opiringizika a pamwamba aja. Mukaona masamba obooka ndi zitosi zonyowa zonga utuchi, ntchemberezandonda zomwe zinatifika mu sizoni ya 2016/2017 zili mmenemo. Mbozi yake ili ndi chilembo cha Y chozondoka pamutu ndi timadontho tinayi takuda kumchira. Yimani malo 5 mmunda, pamalo aliwonse onani mapesi 10, mulembe angati agwidwa. Zikadali zazing'ono zimangopala tsamba nkusiya poonekera kuwala, nthawi yolimbana nazo ndi imeneyo. Munda waung'ono mutha kuzitola ndi manja nkuphwanya mazira omwe. Ngati mukupopera, chitani mmamawa kwambiri kapena madzulo, mulozetse mkati mwa nsonga, ndipo mankhwala ake mufunse alangizi a ku ofesi ya zaulimi ya mdera lanu (EPA), kaya ndi ku Nasenga, Mbwadzulu, Lungwena kapena Katuli, osangotenga botolo lopanda lebulo pamsika.

## Sitepe 8: Bwereraniko masana

Pa tsamba pali timabowo tosaoneka ndi maso tomwe mpweya umalowera ndipo madzi amatulukira. Dzuwa likaswa mtengo madzi nkuyamba kuchepa, chimanga chimatseka timabowoti nkupinda masamba kuti chisunge madzi. Kupinda masana nkutambasuka madzulo si zoopsa kwenikweni, kuno zimachitika. Koma mukapeza masamba ali opindika kale 7 koloko mmamawa, chimanga chili pamavuto, ndipo timabowo tikatsekeka sichikupanganso chakudya. Nthawi ngati imeneyi musathire feteleza, musapalire mozama, musabandire, feteleza amawotcha mizu, kupalira ndi kubandira kumadula mizu ndi kuumitsa dothi. Dikirani mvula.

## Sitepe 9: Ngayaye ndi ndevu

Iyi ndi sitepe ya chimanga chomwe chamasula, ndipo ndikanakonda mlimi aliyense ataichita olo kamodzi, chifukwa ukaona ndi maso ako suyiwalanso.

Ngayaye ndi mbali yachimuna, imagwetsa mungu kwa pafupifupi sabata imodzi, makamaka mmamawa mame akangouma. Ndevu ndi mbali yachikazi. Kaulusi kalikonse ka ndevu kalumikizika ku njere imodzi pa chitsononkho. Kaulusi kamodzi, njere imodzi. Mungu ukapanda kugwera pa kaulusiko, pamalo pake sipabwera njere. Ndevu za kumunsi kwa chitsononkho ndi zomwe zimayamba kutuluka, za kunsonga zimamaliza.

Ndevu ndi madzi okhaokha pafupifupi, ndiye kukachita ng'amba zimachedwa kutuluka pomwe ngayaye ikupitiriza kugwetsa mungu pa nthawi yake. Pomwe ndevu zikutuluka mungu watha. Ndi zomwe zinachitika mminda yambiri ndi ng'amba ya El Niño mu Febuluwale 2024, mapesi ataliatali koma kusenda chitsononkho njere zowerengeka. Ngati muli ndi madzi othirira ochepa, kaya ku dimba kaya pa sikimu, asungireni masabata awiri chisanamasule ndi awiri chitamasula.

Kuti mudziwe ngati mungu wagwira, chitani izi patatha masiku angapo ndevu zitatuluka:

1. Thyolani chitsononkho chimodzi ndi makoko ake.
2. Dulani kumunsi kwake, kenako chekani makoko motsika ndi lezala mosamala osakhudza ndevu.
3. Chotsani makoko limodzi limodzi pang'onopang'ono.
4. Gwirani kumunsi, nsonga iloze pansi, gwedezani pang'ono.

Ndevu zomwe zagwa zokha ndi zomwe zalandira mungu, zimaduka pa njere patatha masiku awiri kapena atatu. Zomwe zakakamira sizinalandire. Zikakakamira za kunsonga zokha ndipo ngayaye zikadali ndi mungu, palibe vuto. Zikakakamira paliponse ngayaye zitauma kale, dziwiranitu kuti zokolola zichepa, ndipo yambani kuganiza za mbatata, chinangwa kapena dimba nthawi ikadalipo.

Chenjezo: mukasenda makoko mokoka ndevu zonse zimazuka ndipo muganiza kuti zonse zili bwino.

## Sitepe 10: Kodi chakhwima?

Makoko kuuma si umboni wokwanira, chimanga chofa ndi chilala chimaumanso makoko. Thyolani chitsononkho pakati, chotsani njere zingapo za pakatikati, palani kunsonga komwe njere inalumikizana ndi chitsononkho. Mukaona kadontho kakuda, njira ya chakudya yatsekeka, njere yamaliza kudzadza. Izi zimachitika pafupifupi masiku 55 mpaka 65 ndevu zitatuluka. Kadonthoka kasanaoneke, kudula mapesi nkusanja mikukwe kumakupatsani njere zopepuka zokwinyika. Kakaoneka mutha kudula, koma njere zimakhala zikadali ndi madzi ambiri, cha mma 30 pa 100, pomwe zosunga mthumba zimafunika zitsike kufika cha mma 13.

Muli pomwepo finyani phesi chakumunsi ndi zala ziwiri. Likafwamphuka mosavuta mkati mwawola, munda umenewo muyambe kukolola chisanagwe pansi chiswe nkuchipeza.

## Zomwe ambiri amalakwitsa

Kukumba phesi lodwala lokha. Popanda labwino pambali pake simungadziwe kuti mizu yochepa ndi yochepa motani, kapena kuti mtundu wofiirira uja ndi wa mbewuyo.

Kujambula tsamba limodzi nkukawaonetsa alangizi. Iwo afunsa kuti linali la pansi kapena la pamwamba, mizu ili bwanji, munadzala liti, munathira chani. Jambulani phesi lonse litayalidwa pathumba, mizu yotsuka, ndi munda mmene ukuonekera patali, kapena nyamulani phesilo.

Kusadzula masamba obiriwira kukapatsa mbuzi ndi ng'ombe chimanga chili dowe. Tsamba lomwe lili pa chitsononkho ndi onse a pamwamba pake ndi omwe akudzadza njere. Ngati ziweto zavutadi tengani a pansi penipeni omwe ayamba kale kuuma. Chimodzimodzi kudula ngayaye ndevu zisanaume, mukuchotsa mungu womwe ukufunikabe.

Kupalira mozama pafupi ndi phesi chimanga chitafika mchiuno. Nthawi imeneyo mizu yadzadza kale mu mzere wonse mpaka mu khwawa, khasu lililonse likudula. Udzu wotsala uzuleni ndi manja.

Kuona masamba awiri kapena atatu a pansi akuuma chimanga chitabereka nkuthamangira urea. Amenewo amauma okha, chimanga chikusamutsa chakudya kupita ku njere. Zodandaulitsa ndi pomwe chikasu chakwera kufika pa tsamba la chitsononkho njere zikadali zamkaka.

Kudzala njere zitatu kapena zinayi phando limodzi pa mizere yotalikana masentimita 75 ndi mapando a masentimita 25. Muyeso umenewu ndi wa njere imodzi. Kumbani phando lothithikana mutsuke, muona mizu yapiringizana ikulimbirana malo amodzi, mapesi owonda, ena osabereka nkomwe. Patulirani chikadali ndi masamba awiri kapena atatu, dothi lili lonyowa, mutatsindira ndi dzanja phesi lomwe mukusiyalo kuti mizu yake isagwedezeke.